Mfundo Ziwiri pa Chingwe cha Shamima

Kwa Mponda,
Mangochi.
14 Julaye, 2024.

Okondedwa achemwali anga Che Awa,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, pamodzi ndi alamu anga. Ife kuno tadzuka, Alhamdulillah. Mwera wavuta chaka chino, asodzi sakulowa m'madzi kawirikawiri, moti mathandala anga oyanikira usipa angokhala pogona amphaka. Bulangete ndi timalaya munatumiza tija zinafika. Mdzukulu wanu Nuru akugona momwemo, ndipo mphuno watengera inu ndithu, musakane.

Mudabwa kuti Mwanamvua wagwira cholembera lero, munthu wothawa sukulu ali Sitandade sikisi, foni ili m'thumba. Musaseke zilembo zanga. Pa foni ndayesa katatu konse. Mukangoti, "Mwana wanga ali bwanji?" ndimangoyankha kuti ali bwino, watopa chabe. Limenelo ndi bodza, achemwali. Shamima sali bwino. Lero wakwanitsa masiku makumi awiri ndi atatu chichirireni, koma sanayendebe ndi miyendo yake. Ndipo wolakwa ndine. Kalatayi ndipatsira a Harold aja amanyamula katundu wa ku Joni. Ikafika mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto, mukatero mundinene mmene mungafunire.

Mukukumbukira tsiku munkanyamuka lija, zaka zisanu zapitazo, munandigwira dzanja pa depoti n'kunena kuti, "Mwanayu ndi wako, umuone." Ndamuona ndithu. Ndine ndinaima pa ukwati wake ndi Swadick, ndine ndinayamba kuzindikira kuti waima asanandiuze. Mimba inayamba bwino, ndipo ntchito yake yokonza m'zipinda ku hotela ya ku Makokola ankapita osajomba.

Mwezi wachisanu ndi pamene zinayamba. Ankati fupa la kutsogolo, pansi pa mimba, likumupweteka ngati wina akuliwaza ndi nkhwangwa. Kuyenda kunasintha, anayamba kudzandira ngati bakha. Kuimirira ndi mwendo umodzi kuti avale sankatha. Kukwera kabaza chotang'adza, misozi. Potembenuka pamphasa ankafuula, ndipo nthawi zina fupalo linkamveka kuti go! Ine ndi pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinkamukalipira kuti, "Iwe, mimba si matenda. Ife tinkasenza madengu a utaka mpaka tsiku lochira, nanga iwe unapangidwa ndi dothi lanji?" Pa litiwo lake, mwambo uja wolangiza wa mimba yoyamba, azimayi anamuuzanso zomwezo, kuti mkazi salira, amaluma mano. Mwana anayamba kubisa. Ankalira chamumtima, ndipo Swadick yekha ndi amene ankadziwa. Mnyamata ameneyu ndi munthu, achemwali. Ankamutungira madzi kumjigo masanasana, anzake akumuseka kuti anamudyetsa khuzumule, iye osatembenuka n'komwe.

Amene anatithandiza ndi anamwino ena akusikelo, a Sisitala Celestina, mayi wamfupi wosachedwa kuseka. Anamuuza kuti si ulesi, si ufiti. Akuti pachinena pamakumana mafupa awiri, ndipo munthu akaima malo okumanawo amafewa kuti mwana adzapeze njira, koma kwa ena amafewa mopitirira. Anamuphunzitsa kuti podzuka mawondo azikhala pamodzi, pogona aziika pilo pakati pa miyendo, povala azikhala pansi, ndipo asiye kukolopa ndi kukwera masitepe. Anatinso azikulunga chitenje m'chiuno, m'munsi mwa mimba, chothina. Zinathandiza, ndinaona ndi maso anga. Ntchito anapuma, koma ankatha kufika kumsika pang'onopang'ono. Chimodzi chokha ndinaletsa. Ndinati chitenjecho akulunge, apise nsonga, koma asamange mfundo. Iye anangoseka, amvekere, "Amayi aang'ono inu ndi zachikale zanu!" Komabe anandimvera, ankapisa.

Mwezi wachisanu ndi chitatu anabwera kuchokera kusikelo nkhope ili ngwee, atanyamula kachingwe koyera, kotalika ngati mkono. Kanali ndi mfundo ziwiri.

"Taonani, amayi. A Sisitala anandigoneka, n'kundiuza kuti nditsegule mawondo pang'onopang'ono mpaka pamene ululu wayambira. Ndiye ayeza. Kuchokera pa mfundo iyi kufika pa iyi, ndi pamene miyendo yanga ithera. Tsiku langa likafika ndikaonetse amene akandithandize, asakanditang'adze kupitirira apa. Akuti ndikhoza kuchira chogona cham'mbali kapena chogwada."

"Ndi mfundo zimenezi ukalowe nazo m'chipinda chochirira?" ndinafunsa.

"Nanga muyezo wake ndi mfundozo, amayi. Popanda izo ndi chingwe wamba."

Anachipinda bwinobwino n'kuchiika m'kati mwa buku lake la kuchipatala. Kwa nthawi yoyamba ndinamuona wopanda mantha. Koma ine, achemwali, maso anga sanachoke pa bukulo.

Pano ndiyenera kukumbutsa zimene ife awiri sitinakambepo. Chaka cha 1997, ku Malindi, ndili pa banja ndi malemu Wadi. Inu munalipo, ndinu munasambitsa kamwana kanga kaja. Kamnyamata, konenepa bwino, kanabadwa kakufa, mchombo utakulunga kawiri m'khosi. Mukudziwa zimenezo. Chimene simukudziwa ndi chimene anandiuza azimayi aja inu mutatuluka panja. Mimba yonse ija ndinkathandiza Wadi kusoka ukonde wa chilimira, popeza manja anga anali achangu pa ukonde kuposa ake. Ndiye apongozi anga anandiweramira n'kunena kuti, "Wamumanga wekha mwanayu. Woyembekezera samanga mfundo. Tinkakuona tsiku ndi tsiku uli pa ukonde." Mawu amenewo ndinawameza, ndipo akhala m'mimba mwanga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, m'malo mwa ana ena amene sanabwere. Kuyambira pamenepo sindinakhudzenso ukonde. Ndiye taganizani, mwana wanu akundionetsa chingwe cha mfundo ziwiri, akuseka. Ine ndinaona khosi la mwana wanga.

Ndinayesa kumuuza kuti achisiye. Anati, "Amayi, zina zonse ndakumverani. Ichi chokha ayi." Kuuma mutu kumeneku n'kwathu, simungakane. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinali nditagamula kale.

Lachinayi lotsatira Idi, masana, iye atagona pakhonde, ndinkalongedza katundu wake m'beseni: zitenje, lumo, ulusi, pepala lapulasitiki. Ndinatsegula buku lija. Mfundozo anazimanga zolimba a Sisitala, moti zikhadabo zinakanika, ndinachita kumasula ndi mano. Nditamasula ndinachita mantha kuti akaona adziwa, ndiye ndinachipisa m'kachitini kanga ka singano. Ndinkati ndikupulumutsa mdzukulu wanu.

Kutacha Lachisanu matenda anayamba. Swadick anapeza galimoto, tinafika kuchipatala chathu chaching'ono dzuwa litakwera. A Sisitala Celestina kunalibe, anali atapita kumaliro kwawo. Tinapeza namwino wina wachitsikana, ali yekhayekha, azimayi atatu akubuula nthawi imodzi. Musamuimbe mlandu mwana wa eni ake, anathamanga tsiku limenelo mpaka thukuta kamukamu. Nthawi ya Shamima itakwana, adhana ya Ijuma ikumveka kumzikiti, namwinoyo anasuzumira pakhomo n'kuitana kuti, "Gadiyani wa Shamima, lowani mundithandize."

Ndinapeza Shamima akufufuza m'buku ndi dzanja limodzi, lina atagwira chitsulo cha bedi.

"Amayi, chingwe changa! Chingwe changa chili kuti?"

"Kaya, mwina unachisiya kunyumba," ndinatero.

"Ndinachiika muno! Auzeni za fupa langa, amayi, auzeni ndigone cham'mbali!"

Ululu unamugwira, mawu anathera m'khosi. Namwino anatembenukira kwa ine, akuvala magolovesi, n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani? Ali ndi vuto lina lake?"

Achemwali, apa ndi pamene ndinachimwa kachiwiri, ndipo apa sipanali mfundo yoti ndinamizire. Bukulo linali pompo, zonse zinalembedwamo, ndikanangoti werengani. Koma ndinaopa kuti nkhani ya fupa ikoka nkhani ya chingwe. Ndiponso, ndinene zoona, pansi pa mtima ndinali ndisanakhulupirire kuti ululu wake unali woposa wa akazi ena onse. Ndinayankha kuti, "Palibe, ndi mimba yoyamba. Mantha basi."

Anamugoneka chagada. Namwino anati ndigwire mwendo wakumanzere ndikokere kwa ine. Ndinagwira. Manja awa, osenza madengu, mukuwadziwa mphamvu zake. Shamima ankakuwa kuti, "Basi, amayi! Pomwepo! Musapitirire!" Ine ndikuti, "Limba mtima, mwanangu, tonse tinadzera momwemu," uku ndikukoka. Kenaka ndinamva kuti thyo! ngati nkhafi yathyokera m'madzi. Ndinamva m'manja mwanga ndisanamve m'makutu. Shamima sanakuwenso, anangotsegula pakamwa opanda mawu.

Posakhalitsa mwana anatuluka, n'kulira. Ine maso anga anathamangira pakhosi. Khosi linali loyera, popanda chokulunga. Ndikuuzeni chinthu chonyansa? Ndinalulutira. Mwana wanu ali gone ngati wakufa, ine ndikuimba nthungululu, mumtima ndikudzitama kuti Mwanamvua wagwira ntchito, wamasula mwana. Mayo ine, Allah andikhululukire.

Madzulo ake namwino anati adzuke akasambe. Sanathe ngakhale kusuntha mwendo. Titayesa kumukhazika anakomoka. Mmawa mwake anatitumiza kuchipatala chachikulu, anamujambula, ndipo adokotala anandionetsa chithunzi. Mafupa awiri aja anatayana, pakati pake mpata woti zala ziwiri n'kulowa. Anati zoterezi zimatha kuchitika ngakhale anthu atasamala, koma kwa munthu amene fupa linali lofewa kale, kukoka miyendo ndi kumene kumamalizitsa. Akuti ambiri amayenda pakapita miyezi, ena amatsala akutsimphina, ndipo likakana kubwerera adzafunika opaleshoni ku Blantyre. Sanalonjeze kanthu, ndipo ine sindikulonjezani kanthu.

Tsiku lachinayi tili m'chipatalamo a Sisitala Celestina anamva, anabwera kudzationa ndi zovala zawo zakunyumba. Anakhala pa bedi n'kumugwira dzanja.

"Nanga chingwe chathu chija, mwana wanga?"

Ine ndinali chiimire kumiyendo, mwana ali m'manja. Shamima anagwetsa misozi n'kunena kuti, "Ndinataya, a Sisitala. Pepani. Munavutika nane, koma ine ndine wosasamala."

Ine ndinaweramira mwana uja. Maso ndinawabisa ngati galu wakuba.

Potuluka ndinawaperekeza mpaka pageti, ndipo ndinalimba mtima kufunsa ngati ndikufunsira munthu wina. Ndinati, kodi woyembekezera akamamanga mfundo, monga kusoka ukonde, mwana sangabadwe atakulungidwa m'khosi? Anaima n'kundiyang'ana. Amvekere, "Mayi, mwana amatembenuka yekha m'mimba, mchombo n'kumukulunga. Ndaona ana otero ochuluka, amayi awo ena sadziwa n'komwe kugwira singano. Mfundo ya m'manja ilibe njira yofikira m'mimba. Ndani anakusenzetsani katundu ameneyu?" Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa wodi, ndinalira mpaka azimayi ena anabwera kudzafunsa ngati ndaferedwa. Tsiku limodzi lomwelo ndinamva kuti mwana wanga sindinamuphe, ndiponso kuti mwana wanu ndamulumaza pachabe. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ena akagonera amasasa, achemwali, ndipo ine ndinamwetsa mwana wanu osasawo.

Tsopano tili kunyumba, ndinamutengera kwanga kuti ndizimuona. Amagona pa matiresi pabalaza. Kuchipatala anamupatsa lamba wansalu womanga m'chiuno, ndipo amene amamumanga ndine, mmawa ndi madzulo, mfundo ziwiri zolimba. Ndimamusambitsa, ndimamuikira chikho chodzithandizira, ndimamupatsira mwana kuti ayamwe n'kumuchotsanso. Kutembenuka yekha sangathe. Ndimachita kumugwira mawondo pamodzi, dzanja lina paphewa, n'kumugudubuza pang'onopang'ono ngati mmene anatiphunzitsira. Swadick anakhometsa kwa kalipentala chogwirira cha miyendo inayi, chili pakona kudikira. Dzulo anayesa kuimirira nacho, anafika powerenga mpaka faifi, n'kukhala. Tinaombera m'manja. Kuhotela malo ake analowa wina, koma zimenezo sitinamuuze.

Zonsezi ndikanapirira, ndikanafa nazo chinsinsi changa. Chimene chandigonjetsa ndi pakamwa pake. Sadandaula za ululu, amadandaula za chingwe. Nuru akalira patali pang'ono, iye osatha kumufikira, amamuuza kuti, "Pepa mwanangu, mayi ako ndi chitsiru, anataya kachingwe kokha." Swadick akabwera kuchokera kunyanja amamupepesanso. Wandituma kawiri kuti ndikasese kunyumba kwake, mwina chinagwera kuseri kwa bedi, ndipo ine ndinapita, ndinasesa ndithu, fumbi kobo, chingwe chili m'kachitini kanga. Dzana ndikumusambitsa anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, chikhala panalibe inu ndikanatani? Amayi anga ali kutali, koma Allah anandisiyira inu." Dzanja lomwelo, achemwali. Ndikudziwa mtolo umene wasenza, chifukwa ndi womwe ndinasenza ine kuchokera ku Malindi. Sindingalole kuti nayenso aunyamule zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Sindikupempha kuti mutumize kanthu. Ndikupempha inu. Ngati abwana anu angakuloleni, bwerani, ngakhale mwezi umodzi. Mwana akufuna mayi ake enieni. Mukafuna kumuchotsa m'manja mwanga mudzamuchotse, sindidzatsutsa. Mukafuna kundiitanira abale kuti ndiyankhe pagulu, ndidzakhala pansi ndiyankhe. Kwa Swadick ndidzanena ndekha, ngakhale sindidziwa kuti ndidzamuyang'ana ndi maso ati.

Maganizo anga anali oti ndiyambe ndauza inu, kuti mundiuze poyambira. Koma ndikulemba muno pabalaza, mbale ndaivundikira pamiyendo ngati tebulo, ndipo iye wakhala akundiyang'ana. Posachedwapa wandiseka, amvekere, "Amayi aang'ono, kalata yanji yosatha ngati ya chibwenzi? Mukamaliza mundiwerengere, ndimve zimene mukundinena kwa amayi, ndiyeno mundisiyire malo pansipo ndilembe moni wanga." Ndamuyang'ana, ndayang'ana pepala. Ndavomera. Ndikaswali swala ya Asiri madzulo ano ndimuwerengera yonse, osadumpha mzere, ndipo kachitini kaja ndakaika kale pafupi.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mdzukulu wawo amayamwa ngati walipidwa. Moni kwa onse akwathu amene mumakumana nawo kumeneko. A Sadik oyandikana nafe ndi akazi awo akupereka moni, ndiwo amatithandiza nkhuni. Swadick akuti musade nkhawa, mkazi wake sadzamusiya. Mutichitire duwa, makamaka mwana wanu kuti mafupa ake abwerere m'malo. Ine mukatha kundiikamo mundiikemo, mukalephera ndimvetsa. Pansi pa dzina langa ndasiya malo a Shamima.

Ndine mng'ono wanu, amene munamusiyira mwana ali woyenda,

Mwanamvua.

Ndamuwerengera, achemwali. Sanandidule mawu, sanalire, sanandikalipire. Nditamaliza anatambasula dzanja, ndinamupatsa chingwe. Anachiyendetsa m'zala kufuna pamene panali mfundo, koma chinawongoka kalekale, sipakuoneka. Ndamupatsa cholembera, wapukusa mutu, ndiye malo ake aja muwapeza opanda kanthu, musamukakamize. Ndagoneka Nuru. Kenaka Shamima wanena mawu awa okha: "Nditembenuzeni, ndiyang'ane kukhoma." Yekha sangathe, ndipo m'nyumba munalibe wina. Ndamugwira mawondo pamodzi, dzanja lina paphewa, ndamutembenuza.